Kodi makungwa a mtengo angachize kansa ya abambo?

LICHINGA — M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno ku Lichinga kumazizira kwakuti munthu akalowa m'bulangete safuna kutulukamo mpaka kutacha. Koma m'nyumba zambiri za m'tauni muno, ngakhalenso m'midzi ya ku Lago, Ngauma, Mandimba ndi Mecanhelas, muli abambo achikulire amene saona tulo. Amadzuka kanayi kapena kasanu usiku umodzi kupita kuseri, n'kukaima nthawi yaitali pamphepo kudikira mkodzo umene ukungotuluka modontha. Akabwerera kukagona, ola lisanathe, afunanso kudzuka.

Nkhani imeneyi abambo ambiri saikamba. Kuuza mayi a kunyumba amaona ngati n'kudzichotsa ulemu, ndipo kukavulira namwino wa msinkhu wa mwana wawo ku posto amaona ngati n'kulaula. Motero njira yapafupi imakhala ya kumsika, kumene ogulitsa mizu ndi makungwa amayala katundu wawo, kapena ya pafoni, pamene mauthenga a pa WhatsApp ndi Facebook amalonjeza tiyi, ufa ndi mabotolo otsuka prostate ndi kuchiza kansa m'masabata owerengeka.

Bambo amene akufunsa ngati mtengo ungamuchize sakufunsa zopusa. Zomera zili ndi mankhwala ndithu, ndipo ena mwa mankhwala amphamvu amene madokotala amalimbana nawo ndi kansa lero adachokera ku mitengo. Koma kuchokera pa khungwa la m'thengo kukafika pa jekeseni ya m'chipatala pali ulendo wautali, ndipo mabotolo ambiri amene akugulitsidwa sadauyende ulendo umenewo.

Matenda awiri m'kachiwalo kamodzi

Prostate, imene achipatala kuno amaitchula m'Chipwitikizi kuti próstata, ndi kachiwalo kopezeka mwa amuna okha. Kali m'munsi mwa chikhodzodzo ndipo kamazungulira njira imene mkodzo umadzera potuluka, monga momwe mkanda umakhalira pa ulusi. Mwa mnyamata kamakhala kofanana ndi suku limodzi kukula kwake. Ntchito yake ndi kupanga ena mwa madzi a umuna.

Mwamuna akamakula, kachiwaloka nako kamakula, kotero kuti pafupifupi theka la amuna ofika zaka 60 kamakhala katatupa kale. Kakatupa kamafinya njira ya mkodzo, ndiye chake mkodzo umachedwa kuyamba, umatuluka mopanda mphamvu, ndipo munthu amamva ngati wina watsalira. Uku ndi kutupa kobwera ndi ukalamba. Si kansa, ndipo sikusanduka kansa, ngakhale kuti kukalekereredwa kungathe kutsekeratu mkodzo ndi kuononga impso.

Kansa ya prostate ndi nthenda ina. Imayamba pamene tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, totchedwa maselo, tayamba kuswana mosalekeza m'kachiwalo komweka. Choopsa chake n'chakuti poyamba siipweteka, ndipo kawirikawiri siisokoneza mkodzo n'komwe. Imatha kukhala zaka ikukula mwakachetechete. Ikamadzamveka ndi kupweteka kwa msana, chiuno ndi mafupa, kuonda ndi kufooka kwa miyendo, imakhala itafalikira kale. Bambo mmodzi angathe kukhala ndi matenda onse awiri nthawi imodzi, ndipo palibe munthu, kaya dokotala kaya sing'anga, amene angawasiyanitse pongomva momwe wodwala akufotokozera.

Kwa anthu a m'mbali mwa nyanja monga ku Metangula ndi Cóbuè, komanso a kufupi ndi Chiuta ndi Chilwa, pali chinthu china chosokoneza. Magazi mumkodzo ambiri amangoti ndi likodzo chifukwa adakula nalo. Nthawi zambiri limakhaladi likodzo, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Koma mwa munthu wachikulire magazi otere angachokerenso ku prostate kapena ku kansa ya chikhodzodzo, imene likodzo lokhalitsa limayambitsa.

Nthendayi si yachilendo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidawerengera kuti mu 2022 amuna pafupifupi 1.5 miliyoni adapezeka nayo, ndipo pafupifupi 400,000 adamwalira nayo. Kuno ku Mozambique, kafukufuku wa pa chipatala chachikulu cha Maputo, amene adaona odwala a zaka za 1991 mpaka 2008, adapeza kuti kansa zitatu zochuluka mwa amuna zinali ya prostate, ya pakhungu yotchedwa Kaposi, ndi ya chiwindi. Amuna akuda ndiwo imawakonda kwambiri. Ku Britain adapeza kuti mwa amuna akuda 4 alionse, mmodzi adzapezeka nayo pa moyo wake, pamene mwa azungu ndi mmodzi mwa 8.

Mtengo wa m'mapiri a Africa

Mtengo umene watchuka kuposa yonse pa nkhani ya prostate ndi wa mu Africa momwe muno. Akatswiri amautcha Prunus africana, ndipo m'masitolo a mankhwala a kunja umadziwika kuti pygeum. Ndi mtengo wautali, wa khungwa lakuda lokakala, umene umamera m'nkhalango zozizira za pamwamba pa mapiri, kuyambira ku Cameroon, Ethiopia ndi Kenya kutsika mpaka ku South Africa ndi Madagascar. M'mapiri ena a Malawi ndi Mozambique ulimo. Makolo a m'maiko osiyanasiyana ankamwa madzi a makungwa ake akamavutika pokodza.

Azungu ataona zimenezi adachita nazo chidwi. Mu 1966 Mfalansa wina, Dr Jacques Debat, adalembetsa m'dzina lake njira yofinyira mankhwala m'makungwawa, ndipo mapiritsi ake adayamba kugulitsidwa ku Ulaya ndi dzina lakuti Tadenan. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, matani oposa 3,000 a makungwa ankachoka mu Africa chaka chilichonse. Pa phiri la Cameroon anthu ankasenda mtengo wonse kuzungulira, ndipo mtengo wosendedwa chotero umauma chifukwa chakudya chake chimayenda m'khungwa. Mu 1995 mtengowu udaikidwa pa mndandanda wa pangano la maiko lotchedwa CITES, lotetezera zachilengedwe zimene malonda angazithe, ndipo mu 2007 maiko a ku Ulaya adayamba aimitsa kugula makungwa a ku Cameroon.

Nanga mankhwalawo amagwira ntchito? Mu 2002 gulu la akatswiri lotchedwa Cochrane lidasonkhanitsa mayeso 18 amene adachitika pa amuna 1,562. Lidapeza kuti amene ankamwa pygeum ankapezako bwino pang'ono: kudzuka usiku kudachepa ndipo mkodzo unkatuluka ndi mphamvu kuposa kale. Koma lidachenjezanso kuti mayesowo anali aang'ono ndi aafupi, ambiri a miyezi iwiri chabe. Chachikulu kuposa zonse n'chakuti amuna onsewo anali odwala kutupa kwa ukalamba kuja. Mayesowo sanali a kansa.

N'chimodzimodzi ndi batata africana, chomera cha maluwa achikasu chokhala ndi mbatata yakuda pansi, chimene chidatchuka ku South Africa cha m'ma 1997 ndipo chimagulitsidwa m'misika ya Maputo. Muli mankhwala otchedwa beta-sitosterol, opezekanso m'zomera zina zambiri. Mu 1995 madokotala a ku Germany adawayesa pa amuna 200 kwa miyezi 6, ndipo adapeza kuti kukodza kudafewa, koma kachiwaloko sikadaphwe. Apanso odwalawo sanali a kansa.

Chochiza mbewa sichinachize munthu

Pa kansa yeniyeniyo, zimene zilipo pa mtengo wa pygeum ndi za m'labotale. Kuyambira mu 2006 akatswiri a pa mayunivesite a Marburg ndi Jena ku Germany adapeza m'makungwa ake mankhwala otchedwa atraric acid. Kansa ya prostate imakula podya mphamvu yachimuna ya m'magazi yotchedwa testosterone, ndipo mankhwala amenewa adaonetsa kuti amatseka khomo limene mphamvuyo imalowera m'maselo. Mu 2007 akatswiri a pa yunivesite ya Missouri ku America adadyetsa pygeum mbewa zimene zidaswedwa mwadala kuti zizidwala kansayi. Mwa mbewa 100 zilizonse zodya pygeum, 35 ndizo zidadwala, pamene mwa zosadya zidadwala zoposa 60.

Zimenezi n'zolimbikitsa, ndipo ndi zomwezi zimene ogulitsa mabotolo amatchula akamati asayansi adatsimikiza. Koma maselo a m'kambale ka m'labotale si munthu, ndipo mbewa si munthu. M'kambale ngakhale mchere wambiri kapena sopo amapha maselo a kansa. Funso limakhala lakuti, kodi mankhwalawo akamwedwa afika pamene pali nthendayo, pamlingo wokwanira kuipha, popanda kuononga chiwindi ndi impso za mwini wake?

Ndiye chake mankhwala alionse atsopano amadutsa makwerero anayi. Amayamba ayesedwa m'kambale, kenaka pa nyama, kenaka pa anthu ochepa kuti aone ngati sapha ndi kupeza mlingo wake, ndipo pomaliza pa anthu mazana kapena zikwi. Pa khwerero lomalizali odwala amagawidwa pawiri mwamaere. Ena amalandira mankhwala atsopanowo, ena amalandira akale kapena mapiritsi opanda kanthu, ndipo palibe amene amadziwa chimene walandira mpaka pamapeto. Mwa mankhwala 10 amene amafika poyesedwa pa anthu, pafupifupi 9 amalephera. Pygeum pa nkhani ya kansa adakali pa makwerero awiri oyamba.

Zomera zina zidafika pa khwerero la anthu n'kugwa. Madzi a makangaza adaoneka ngati akuchedwetsa kansa ya prostate pa mayeso oyamba, koma atawayesa mwamaere pa amuna 183, zotsatira za mu 2015 zidaonetsa kuti sadasiyane ndi madzi opanda mankhwala. Vitamini E nayo anthu ankaikhulupirira kuti imateteza. Ku America adaiyesa pa amuna oposa 35,000, ndipo mu 2011 adapeza kuti omwe ankamwa ndiwo adadwala kansayi mochulukirapo. Za masamba a chammwamba, nimu ndi graviola, amene amatamidwa kwambiri pafoni, palibe mayeso a pa anthu amene aonetsa kuti amachiza kansa ya prostate.

Mitengo imene idapambana mayeso

Komabe zilipo zomera zimene zidakwera makwerero onse anayi. Chimodzi chili pakhomo pa anthu ambiri kuno: kaduwa kofiirira kapena koyera, ka masamba onyezimira, kamene m'Chipwitikizi amakatcha beijo-de-mulata ndipo kwawo kwenikweni ndi ku Madagascar. Ku Jamaica anthu ankamwa tiyi wa masamba ake pofuna kuchiza matenda a shuga. Akatswiri awiri a ku Canada, Robert Noble ndi Charles Beer, atakayesa adapeza kuti shuga sikatsitsa, koma kamapha maselo oyera a m'magazi. Kuchokera pamenepo, mu 1958, adalengeza za mankhwala a vinblastine, ndipo mu 1963 padabwera anzake a vincristine. Vincristine wapulumutsa ana ambiri odwala kansa ya m'magazi, ndipo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre wakhala akugwiritsidwa ntchito pa kansa za ana ndi pa Kaposi.

Nkhani ya kaduwaka ili ndi maphunziro awiri. Loyamba, makolo adaona bwino kuti muli mphamvu, koma nthenda imene ankaganiza kuti kamachiza sinali imeneyo. Lachiwiri, pamafunika makilogalamu mazana angapo a masamba kuti papezeke galamu imodzi ya mankhwala, ndipo amaperekedwa mu mtsempha pamlingo woyezedwa bwino. Wowiritsa masambawo mumphika sangapeze mlingo wochiza, koma poizoni yekha angamupeze.

Chomera china ndicho chikukhudza abambo mwachindunji. Mu 1962 katswiri wa zomera Arthur Barclay adasenda khungwa la mtengo wa yew m'nkhalango ya kumadzulo kwa America. Linali limodzi mwa zofinyidwa m'zomera zoposa 100,000 zimene boma la America lidayesa pakati pa 1960 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, zimene zambiri sizidaphule kanthu. M'khungwa limeneli mudatuluka mankhwala a paclitaxel, koma adaloledwa kuperekedwa kwa odwala mu 1992, patatha zaka 30. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ku France, katswiri wina dzina lake Pierre Potier adapeza njira yopangira mankhwala ofanana nawo kuchokera ku masamba a yew wa ku Ulaya, kuti mitengo isamafe posendedwa. Amenewa ndiwo docetaxel. Adawayesa pa amuna 1,006 amene kansa yawo ya prostate inali itafalikira ndipo yasiya kumvera chithandizo china. Theka la olandira docetaxel lidakhala ndi moyo kupitirira miyezi pafupifupi 19, pamene pa mankhwala akale inali miyezi 16 ndi theka. Mu 2004 adavomerezedwa, ndipo mayeso ena a mu 2015 adaonetsa kuti akaperekedwa msanga amaonjezera miyezi 10 kapena kuposa apo.

Apa ndi pamene pali kusiyana kwa mankhwala oyesedwa ndi botolo la pamsika. Docetaxel, amene adachokeradi ku mtengo ndipo adayesedwa pa anthu oposa chikwi, madokotala ake sanena kuti amachiza kansa yofalikira. Amati amaonjezera miyezi, ndipo amauziratu wodwala kuti tsitsi lithothoka ndi thupi lifooka. Wogulitsa botolo, amene sadayese pa munthu ndi mmodzi yemwe mwa njira yotere, ndiye amalonjeza kuchiza kotheratu.

Chikomekome cha nkhuyu

Nanga bwanji pali abambo amene amachitira umboni kuti botolo lidawathandiza? Ambiri a iwo sanama. Vuto la kukodza limakwera ndi kutsika lokha. Kukazizira, kapena munthu akamwa tiyi wambiri ndi mowa madzulo, limakula, ndipo kukafunda limachepako. Zomera zina zimafewetsadi mkodzo monga taonera pa pygeum. Ndipo poti kansa ya prostate imayenda pang'onopang'ono, munthu angathe kumwa botolo zaka ziwiri akuoneka wathanzi, uku nthenda ikulowa m'mafupa a msana. Mkodzo kuyenda bwino si umboni wakuti kansa yatha.

Nthawi zina m'botolo mumakhala zimene sizidalembedwe kunja. Mu 1996 ku America kudayamba kugulitsidwa mapiritsi otchedwa PC-SPES, amene ankati ndi zitsamba 8 zosakaniza. Amuna ambiri odwala kansa ya prostate adawathamangira, ndipo poyeza magazi nthenda inkaonekadi ngati ikutsika. Koma ena adayamba kumera mabere, ena magazi kuundana m'mitsempha. Mu 2002 a zaumoyo a ku California adapezamo warfarin, mankhwala a m'chipatala osungunula magazi, ndipo akatswiri ena adapezamonso DES, mankhwala a mphamvu yachikazi, ndi ena opha ululu. Mapiritsiwo adachotsedwa pamsika ndipo kampaniyo idatsekedwa. Ngati zotere zidachitika m'dziko la malamulo okhwima, kuli bwanji botolo la chakumwa lothiridwa madzi akuda, lopanda dzina la wopanga ngakhale tsiku?

Anthu a m'malire akukumbukira za mchape wa mu 1995. Bambo Billy Goodson Chisupe, a m'mudzi wa Chikamana m'boma la Machinga ku Malawi, adati adalota mtengo umene makungwa ake amachiza Edzi. Anthu zikwi mazana adakhamukira kumeneko pa malole ndi mabasi kukamwa chikho chimodzi. Bambowo sankalipiritsa, ndipo ambiri adabwerako ndi mtima wokhazikika. Koma maliro a Edzi sadaleke m'midzi mpaka pamene ma ARV adayamba kufika m'zipatala za boma cha m'ma 2004. Munthu angathe kukhala wa mtima wabwino, wokhulupirira mankhwala ake ndi mtima wonse, koma nthenda osachoka.

Asing'anga ndi achipatala

Zonsezi sizikutanthauza kuti nzeru za asing'anga n'zachabe. Kupanda makolo amene ankamwa makungwa a Prunus africana, akatswiri sakadadziwa poyambira. Boma la Mozambique lidakhazikitsa ofesi yofufuza za mankhwala achikuda mu unduna wa zaumoyo mu 1977, ndipo kuyambira mu 1983 akatswiri awiri, P.C.M. Jansen ndi Orlando Mendes, adatulutsa mabuku ofotokoza zomera za mankhwala za dziko lino ndi momwe anthu amazigwiritsira ntchito. Ku Namaacha, m'chigawo cha Maputo, kuli malo a boma ofufuzira zomera zotere. Mwina tsiku lina m'nkhalango za Niassa mudzatuluka mankhwala ngati docetaxel. Kuti zimenezo zitheke mitengoyo iyenera kukhalapo, choncho wosenda khungwa asamazungulize mtengo wonse, koma azisenda mbali n'kusiya mbali kuti upole.

Asing'anga a m'bungwe la AMETRAMO akhala akugwira ntchito ndi achipatala potumiza odwala chifuwa chachikulu ndi HIV kukayezetsa. Njira yomweyo ndi yofunika pa nkhani ya prostate. Sing'anga ndiye amene bambo wamanyazi amayamba kumuuza chinsinsi chake, motero mawu ake akuti pitani akakuyezeni kaye amalemera kuposa a wina aliyense. Nayenso wodwala asabise kwa achipatala zitsamba zimene akumwa, makamaka ngati ali pa ma ARV, mankhwala a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, chifukwa mankhwala ena akakumana m'thupi amalimbana.

Kuyezetsa ndi chithandizo

Kuyeza kumayamba ndi mafunso, kenaka wachipatala amavala gulovu n'kukhudza kachiwaloko ndi chala kudzera kumbuyo. Apa ndi pamene abambo ambiri amathawira, koma ndi ntchito yosatha mphindi imodzi, ndipo munthu ali ndi ufulu wopempha kuti amuyeze mwamuna mnzake ngati alipo. Pali kuyezanso magazi kotchedwa PSA. Nambala yake ikakwera sindiye kuti ndi kansa basi, chifukwa kutupa wamba ndi matenda a m'njira ya mkodzo nazo zimaikweza. Chotsimikiza ndi kutapa kanyama kakang'ono ka kachiwaloko n'kukakaona pa makina okuza zinthu, ntchito imene imachitika m'zipatala zazikulu monga cha Nampula ndi Maputo. Njira yake imayambira pa posto kapena chipatala cha boma lanu, kumene amapereka kalata yopitira ku Cuamba kapena ku chipatala chachikulu cha chigawo kuno ku Lichinga.

Kansa ikapezeka isanatuluke m'kachiwaloko imachizika, mwa opaleshoni kapena mwa kuiwotcha ndi mphamvu ya makina yotchedwa radiotherapy, imene chipatala chachikulu cha Maputo chidatsegulira malo ake mu 2019. Ina imakhala yofatsa kwakuti madokotala amangoiyang'anira. Nelson Mandela, mwamuna wa mayi Graça Machel, adapezeka nayo mu 2001 ali ndi zaka 83, adalandira radiotherapy kwa masabata 7, ndipo adakhala mpaka 2013 pamene adamwalira ndi zaka 95. Bishopu Desmond Tutu adapezeka nayo mu 1997 ndipo adakhala nayo zaka 24 mpaka adamwalira mu 2021 ali ndi zaka 90. Onse awiri sadabise nthenda yawo.

Ngakhale itafalikira, chithandizo chilipo. Mu 1941 dokotala Charles Huggins wa ku Chicago adaonetsa kuti mphamvu yachimuna ija ikachotsedwa m'thupi, kansayi imafota ndipo ululu wa m'mafupa umachepa. Izi zimachitika ndi jekeseni ya pamwezi kapena pa miyezi itatu, kapena ndi opaleshoni yaing'ono yochotsa tiziwalo tiwiri timene timapanga mphamvuyo. Ndi nkhani yolemera kwa mwamuna, yofunika kukambirana bwino ndi dokotala ndi mayi a kunyumba, koma yapatsa abambo ambiri miyezi ndi zaka zoyenda okha. Pa ululu waukulu pali morphine, amene nayenso amachokera ku chomera, duwa lotchedwa poppy.

Palibe amene angakane kuti njira imeneyi ndi yovuta kwa mlimi wa ku Niassa. Kuchokera ku Mandimba kufika ku Lichinga ndi makilomita pafupifupi 150, ndipo Maputo ali pa mtunda woposa makilomita 2,000. Chapa imafuna ndalama, womudikirira wodwala amafuna chakudya, ndipo kumunda ntchito imaima. N'chifukwa chake botolo la pafupi limakopa. Koma banja limene lagulitsa mbuzi ndi matumba a nyemba kugulira mabotolo mwezi ndi mwezi limadzapezeka lilibe ya thiransipoti pa tsiku limene mkodzo watsekeratu pakati pa usiku.

Achipatala amalangiza kuti mwamuna wofika zaka 50 akakambe nawo za kuyezetsa, ndipo amene bambo ake kapena mbale wake wa bere limodzi adadwalapo nthendayi ayambe pa zaka 45. Mwezi wa Novembala, umene umatchedwa Novembro Azul, ndiwo a zaumoyo amakumbutsa abambo za nkhaniyi, koma chipatala sichidikira Novembala. Pali zizindikiro zitatu zosafuna kugonera: mkodzo kutsekeratu, magazi mumkodzo wa munthu wachikulire, ndi msana kupweteka pamodzi ndi miyendo kuchita dzanzi kapena kufooka. Zimenezi n'zonyamuka nazo tsiku lomwelo.

Akuluakulu adati safunsa adadya phula. Bambo amene akuganiza zogula botolo ali ndi mafunso atatu oti afunse wogulitsa: muli chiyani m'menemu, mudayesa pa anthu angati, nanga mwadziwa bwanji kuti nthenda yanga ndi iti poti simudandiyeze? Ndipo poti abambo ambiri sadzayamba okha kuikamba nkhaniyi, udindo uli kwa a m'nyumba. Mayi amene akumva chitseko chikulira kasanu usiku umodzi, kapena mwana amene waona bambo ake akuchedwa kuseri, ndiye woyenera kupeza nthawi yabwino, pamene palibe alendo, n'kuwapempha mwaulemu kuti awaperekeze kuchipatala.